Kodi AI ya mu foni tiyikhulupirire? Yankho kwa mlembi wa kopaletivu ku Chipangali

Funso la lero lachokera kwa mayi wina wa ku Chipangali, kum'mawa kwa Zambia, mlembi wa kopaletivu ya alimi a chimanga ndi nshawa. Likukhudza AI, mapulogalamu a pa kompyuta ndi foni amene amayankha mafunso ngati munthu. Ndalifupikitsa pang'ono:

"Mwana wanga wamwamuna ali giredi 11, ndipo chilichonse amafunsa AI ya mu foni. Anatithandiza nayo kulemba kalata ya kopaletivu yopempha thandizo la CDF (thumba la boma la chitukuko cha m'madera a aphungu), kalatayo inatuluka bwino moti a komiti onse anakondwera. Koma tsiku lina ataifunsa mlingo wa mankhwala opopera ntchembere zandonda, zimene inanena zinasiyana ndi zolembedwa pa botolo. Abambo akunyumba akuti zinthu izi ndi zausatana, chikomekome cha mkuyu, ndipo akufuna kumulanda foni. Ku kopaletivu nakonso tagawanika. Achinyamata akuti tizifunsa zonse, achikulire akuti tisayerekeze. Kodi tiyikhulupirire kapena ayi?"

Amayi, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale pansi. M'kalata yanu ndaonamo chinthu chondisangalatsa: panyumba panu pali munthu amene anatenga botolo n'kuwerenga asanathire mankhwala mu sipuleya. Ntchito yanga ndi yophunzitsa aphunzitsi, a makopaletivu ndi a m'mipingo kagwiritsidwe ntchito ka kompyuta ndi foni kuno ku Chipata ndi m'maboma oyandikana nawo, ndipo khalidwe limenelo ndi limene ndimavutika kwambiri kulidzala mwa anthu. Inu muli nalo kale.

Mkangano wa ku kopaletivu kwanu uli padziko lonse lapansi. Mu 2025 kampani ya KPMG pamodzi ndi University of Melbourne inafunsa anthu oposa 48,000 m'mayiko 47, ndipo amene anati ndi okonzeka kukhulupirira AI anali 46 okha mwa anthu 100 alionse. Anthu a ku Nigeria ndi ku India anaonetsa chikhulupiriro chachikulu kuposa a ku Finland ndi ku Japan. Ine sizinandidabwitse. Munthu amene dokotala, loya ndi mlangizi ali nawo pafupi amatha kunyada. Koma amene kiliniki ili mtunda wautali, ndipo mlangizi wa zaulimi mmodzi akusamalira midzi yambirimbiri ndi njinga yamoto imodzi, akapeza chinthu choyankha usiku ndi usana pa bandulo ya makwacha ochepa, amachilandira ndi manja awiri. Apa m'pamene ine ndimada nkhawa, chifukwa ife amene tikuchifuna kwambiri ndife omwe tilibe pofunsa kachiwiri chikatinamiza.

Tiyambe ndi mantha a abambo, chifukwa si a iwo okha, ndimawamva kawirikawiri m'misonkhano ya mpingo. Mulibe mzimu m'makina awa. ChatGPT inatulutsidwa ndi kampani ya OpenAI mu Novembala 2022, Google ili ndi yake yotchedwa Gemini, ndipo kamphete kamene kanangotulukira pa WhatsApp ndi Meta AI, kamene kanafika ku Zambia ndi ku Malawi mu Epulo 2024. Funso mukalilemba limapita pa intaneti kukafika ku makompyuta akuluakulu a kampaniyo, osungidwa m'nyumba zodya magetsi ochuluka, yankho n'kubwerera. Makompyutawo anadyetsedwa zolemba zosawerengeka zimene anthu analemba: mabuku, manyuzipepala, masamba a pa intaneti, mikangano ya anthu wamba, zoona ndi zabodza pamodzi. Kuchokera pamenepo anaphunzira kuti mawu akuti akabwera, kawirikawiri amatsatiridwa ndi mawu ati. Poyankha amangolumikiza mawu, limodzi pambuyo pa linzake, motsata chimene chikuoneka kuti n'choyenera kubwera. Ndi masamu a anthu, ndipo eni ake ndi makampani ofuna phindu. Zoti muchenjere nazo zilipo, koma n'zina, osati ufiti.

Chifukwa cha kapangidwe kameneka, makinawa sadziwa kusiyana pakati pa nthawi imene akunena zoona ndi imene akupeka. Mumamudziwa munthu uja wa pa siteshoni ya mabasi amene mukamufunsa njira sanenapo kuti "sindidziwa"? Wamva nkhani za apaulendo onse, nthawi zambiri amakulozerani bwino, koma tsiku limene sakudziwa amaloza ndi chala chomwecho, ndi nkhope yomweyo. Vuto la AI ndi limenelo. Chiganizo cholakwika chimatuluka chosalala ngati cholondola. Ndipo musaganize kuti amapusitsidwa ndi osaphunzira okha. Mu 2023 ku New York maloya anapereka kukhoti zikalata zotchula milandu yakale imene ChatGPT inangopeka, mayina ndi manambala omwe, ndipo woweruza anawalipiritsa madola 5,000.

Kwa ife a kuno kum'mawa pali msampha wina umene anthu a ku Lusaka kapena ku London sauganizira. Zolemba za Chichewa pa intaneti ndi zochepa poyerekeza ndi za Chingerezi, ndipo zambiri mwa zochepazo zinalembedwa ku Malawi. Choncho mukafunsa m'chinenero chathu kuti chimanga ndikagulitse kuti, musadabwe makinawo akakutumizani ku ADMARC, pamene inu depoti yanu ndi ya FRA, bungwe la boma logula mbewu kuno ku Zambia. Mukafunsa za feteleza wotsika mtengo akhoza kukufotokozerani ndondomeko ya ku Malawi m'malo mwa FISP ya kuno ku Zambia. Mwana akafunsa za mayeso akhoza kuuzidwa za MSCE, iye akukonzekera giredi 12 ya ECZ, bungwe lathu la mayeso. Zimenezi n'zosavuta kuzigwira. Chovuta ndi ndalama. Mayiko onse awiri ndalama yake ndi kwacha, koma mphamvu zake n'zosiyana kutali. Yankho likati thumba la makilogalamu 50 ndi makwacha akutiakuti, simudziwa ngati ndi kwacha ya ku Chipata kapena ya ku Mchinji, kungowoloka malire pa Mwami. Onjezani kuti kwacha yathu inachotsedwa maziro atatu pa 1 Januwale 2013, moti nkhani zakale zili ndi mitengo ya mamiliyoni imene lero ilibe tanthauzo. Makina amene anawerenga zonsezi pamodzi amatha kuzisakaniza mu chiganizo chimodzi chokongola. Mtengo wa mbewu chaka chino muzimva kwa FRA, pa wailesi ngati Breeze FM, kapena kwa ogula enieni. Osati kwa AI.

Pa maphunziro ena a aphunzitsi ndinawapempha kuti aliyense afunse makinawo chinthu chimene iye akuchidziwa bwino kuposa wina aliyense m'chipindamo. Bambo wina wachikulire, wophunzitsa mbiri, analemba pang'onopang'ono ndi chala chimodzi kufunsa mndandanda wa mafumu a m'mudzi mwawo. Yankho linabwera msanga, mayina asanu otsatana bwino, lililonse ndi zaka zake. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi tayi, n'kuwerenganso. Kenako anaseka mpaka kutsokomola. Panalibe dzina ngakhale limodzi loona, koma onse ankamveka ngati mayina a kwathu. Mphunzitsi wa masamu amene anakhala pambali pake anafunsa kafotokozedwe ka ma fraction kwa ana a giredi 5, ndipo anapeza njira yabwino imene anati akaiyesa Lolemba. Makina amodzimodzi, ola lomwelo. Masamu a giredi 5 analembedwa kambirimbiri padziko lonse, pamene mafumu a mudzi uja ali m'mitu ya nkhalamba zokha. Yeserani zimenezi pa msonkhano wa kopaletivu. Funsani za mudzi wanu, za dambo lanu, za mliri umene unagwa m'dera lanu. Achinyamata amene akuti tizifunsa zonse adzaona okha, simudzafunika kukangana nawo.

Ndiye pa funso lanu, sindingayankhe kuti inde kapena ayi pa zonse. Chimene ndimadzifunsa ine ndisanagwiritse ntchito yankho lililonse n'chakuti: kodi ndingathe kulitsimikiza ndekha, ndipo likakhala lolakwika avulale ndani? Kalata ya CDF inayenda bwino chifukwa nkhani yake munali nayo ndinu. Mukudziwa mamembala anu ndi angati, mukufuna chigayo kapena makina oswera nshawa, ndalama zake ndi zingati. Makinawo anangokonza Chingerezi ndi kayalidwe ka kalata, ndipo pa ntchito imeneyo ndi aluso ndithu. Ndimawagwiritsa ntchito inenso polemba malipoti, pofupikitsa chikalata chachitali, pokonza ndondomeko ya msonkhano. Chenjezo langa ndi limodzi: werengani mzere uliwonse musanasayine. Makinawa amakonda kudzaza mipata. Mukapanda kuwauza chaka chimene kopaletivu inalembetsedwa, akhoza kuikapo chawo, ndipo kalata ikafika ku Ward Development Committee, komiti ya chitukuko ya mu wadi yanu, bodzalo lidzakhala lanu, chifukwa siginecha ndi yanu.

Mankhwala opopera ndi nkhani ina. Ntchembere zandonda zinalowa m'dziko muno kumapeto kwa 2016, ndipo kuyambira pamenepo m'masitolo a zaulimi mwadzaza mankhwala a mayina osiyanasiyana. Mabotolo awiri akhoza kukhala ndi mankhwala a mtundu umodzi koma mphamvu yosiyana, wina wosungunuka kwambiri, wina wokhuthala. Sipuleya ina ndi ya malita 16, ina 20. Makinawo sakuona botolo limene lili m'manja mwa mwana wanu. Atenga nambala imene anaiwerenga kwinakwake, mwina ya mankhwala ogulitsidwa ku India kapena ku Kenya, mwina yowerengera hekitala yonse, n'kuipereka ngati ya sipuleya imodzi. Mukachepetsa mlingo mbozi sizifa ndipo zimazolowera mankhwala. Mukachulukitsa mumawotcha chimanga, kutaya ndalama, ndi kudwalitsa wopoperayo. Pepala la pa botolo ndilo lolamula, chifukwa linalembedwera mankhwala omwewo, ndipo mankhwala ovomerezeka m'dziko muno amadutsa ku ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe. Pepala likafufutika kapena likakhala m'chinenero chosamveka, pitani nalo botololo kwa mlangizi wa zaulimi wa mu kampu (dera la mlangizi) yanu. Za mbewu ya nshawa yoyenera dera lanu, kaya MGV4 kaya ina, kapena za chuku pokolola, akatswiri a kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Msekera tili nawo pakhomo pompano, ndipo alangizi amatenga uphungu kumeneko. Chimene AI ingakuthandizeni n'kukufotokozerani mawu ovuta a pa pepalalo, kapena kukuthandizani kukonza mafunso okafunsa mlangizi. Nambala yomaliza isachokere mu foni.

Za matenda ndinena mwachidule chifukwa sindifuna kuti pakhale kukayika. Mwana akatentha thupi, malungo sadziwika ndi foni. Amadziwika poyeza magazi ku kiliniki, ndipo mlingo wa mankhwala umatsata kulemera kwa mwanayo. Mayi woyembekezera akatuluka magazi, munthu akalumidwa ndi njoka, wopopera akayamba chizungulire, kusanza kapena kutuluka malovu ambiri, musataye nthawi kulemba mafunso. Thamangani naye kuchipatala, ndipo ngati ndi mankhwala a kumunda tengani botolo lake kuti adokotala aone.

Pali khalidwe lina la makinawa limene anthu ambiri salizindikira, ndipo kwa ine ndi loopsa kuposa kupeka. Amakonda kugwirizana ndi amene akuwafunsa. Mukawauza kuti "walakwitsa", ngakhale pamene sanalakwitse, nthawi zambiri amapepesa n'kusintha yankho. Mukafunsa kuti "si zoona kuti malire a munda ndi anga?" adzakupezerani zifukwa zonse zosonyeza kuti ndi anu, chifukwa mbali ya mnzanuyo sanaimve. Mu Epulo 2025 OpenAI yeniyeniyo inabweza kusintha kwina kumene inapanga pa ChatGPT itavomereza kuti inayamba kuyamikira anthu mopitirira muyezo. Choncho pa milandu ya malo, ya chuma cha masiye, kapena ya m'banja, musapite kwa a nyakwawa kapena ku Local Court mutatupa ndi mawu a mu foni. Pa malo a makolo, mwambo wa Achewa ndi wa Angoni pa nkhani ya cholowa si umodzi, ndipo makinawo sadziwa kuti inu muli pansi pa mfumu iti.

Tsopano inu monga mlembi, apa ndipamene ndikufuna mumvetsetse. Buku la mamembala lili m'manja mwanu: mayina, manambala a NRC, manambala a foni, ngongole za aliyense. Musazilembe mu AI, ndipo mwana asajambule tsamba la bukulo n'kulitumiza kuti makina amukonzere tebulo. Zimene mwatumiza zimakasungidwa pa makompyuta a kampani kunja kwa dziko, ndipo simungaziitanenso. Pa WhatsApp, uthenga wa pakati pa inu ndi mnzanu ndi wotsekedwa, koma umene mwalembera Meta AI umafika ku kampaniyo. Dziko lathu lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2021, ndipo amene wasunga zinsinsi za anthu ena ali ndi udindo wozisamala. Mukafuna thandizo la masamu a ngongole, chotsani mayina, lembani membala 1, membala 2. PIN ya Airtel Money kapena MoMo, imeneyo ndiye musaiyerekeze n'komwe, kwa makina kapena kwa munthu.

Abambo ali ndi mfundo pamene akununkhiza choipa, kungoti choipacho chili mwa anthu ogwiritsa ntchito makinawa. Tonse tinazolowera uthenga uja wakuti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi". Kale tinkawagwira akubawa ndi Chingerezi chawo chothyokathyoka. Lero AI imawalembera kalata yoyera ya ntchito kapena ya ngongole, yokhala ngati yachokera ku ofesi ya boma. Imathanso kutengera mawu ndi nkhope ya munthu. Ku Hong Kong mu 2024 wantchito wa kampani ina yaikulu anatumiza ndalama pafupifupi madola 25 miliyoni atachita msonkhano wa pa vidiyo ndi anthu amene ankaoneka ndi kumveka ngati mabwana ake, koma onse anali opangidwa ndi kompyuta. Ngati zinatheka kumeneko, voice note ya "mwana wanu wa ku Lusaka" yopempha ndalama mwamsanga si chinthu chovuta kupanga. Dulani, muimbireni pa nambala imene mumaidziwa, mufunseni chinthu cha m'banja chimene mlendo sangachidziwe. Vidiyo ya mtsogoleri wandale kapena m'busa akunena zodabwitsa, makamaka nyengo ya masankho, musaitumize ku gulu musanaimve pa wailesi kapena kwa atolankhani odziwika. Ndalama zikapita kale, imbirani kampani ya foni yanu nthawi yomweyo, kenako kaneneni ku polisi ndi ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti. Maola oyamba ndi amene ali ndi mwayi.

Kumulanda foni mnyamatayo ine sindikuvomereza. Adzabwereka ya mnzake, ndipo chimene mudzataye ndi mwayi woona mmene akuigwiritsira ntchito. Komanso dziko limene akupitako lidzafuna luso limeneli. Boma lathu lomwe, kudzera mu unduna wa Technology and Science, linakhazikitsa ndondomeko ya dziko ya AI mu 2024. Nkhawa yanga pa ana a sukulu ndi ulesi wa mutu. Ndawaona ana amene homuweki yawo ndi yoyera ngati ya ku yunivesite, koma ukawafunsa tanthauzo la chiganizo chachiwiri amayang'ana kudenga. M'chipinda cha mayeso a giredi 12 foni silowa. Muuzeni ayambe wayesa yekha funso, kenako afunse makina kuti amuonetse pamene wasokoneza, ayerekeze ndi buku la kusukulu, atseke foni, alembenso ndi mutu wake. Inu simufunika kudziwa chemistry kuti mumuyese. Ingomuuzani akufotokozereni m'Chinyanja zimene waphunzira, inu mukusenda nshawa. Akalephera kufotokoza, sanaphunzire, wangokopera.

Chinanso muzichiyang'anira mwakachetechete. Achinyamata ena ayamba kuuza makinawa zakukhosi, usiku wonse, chifukwa sakalipira ndipo saulula. Pang'ono sizoipa. Koma mukaona mwana wasiya anzake, sakudya, sakugona, akulankhula zotaya mtima kapena zofuna kudzipweteka, imeneyo si nkhani ya foni ayi. Khalani naye pansi, itanani amalume ake kapena munthu wamkulu amene amamukhulupirira, ndipo pitani naye kwa aphungu a kusukulu kapena kuchipatala osazengereza.

Kwa abambo, musayambe ndi kuwatsutsa. Auzeni kuti pa mankhwala aja iwo ndi amene anali ndi maso, kenako apatseni foniyo afunse okha chinthu chimene amachidziwa bwino, kaya kawetedwe ka ng'ombe kaya mbiri ya Nc'wala ku Mtenguleni, aone pamene makinawo akhoza ndi pamene aphonya. Ku kopaletivu, lembani mu maminitsi mfundo imene onse angaivomere: makalata ndi malipoti AI ithandize, koma anthu awiri aziwerenga asanasayine, mitengo, milingo ya mankhwala ndi masiku a FISP zizichokera kwa mlangizi kapena ku ofesi ya zaulimi, buku la mamembala lisalowe mu foni ya munthu aliyense. Ngati mlangizi wa mu kampu yanu angapezeke, muitaneni pa msonkhano umenewo, ndipo mnyamata wanuyo abwere ndi foni yake ndi botolo lija kuti ayerekeze mayankho awiriwo pamaso pa onse.